Salale ya ku Lusaka ndi ya ku Blantyre: ipimeni ndi ufa ndi lendi, reti ibwere pambuyo

Uthenga uwu wachokera kwa achimwene ena a ku Chilomoni, ndaufupikitsa pang'ono:

"Akulu, ndine bambo wa ana awiri, ndimagwira ntchito ya mu stores pa kampani ina ku Makata, salale yanga ndi K600,000 asanadule. Kampani ina ku Lusaka yandilonjeza 12,000 kwacha ya kumeneko. Ndikawerengera pa reti ya ku banki ikuposa yanga koma osati kwenikweni, ndikawerengera pa reti ya anyamata a mumsewu ikutuluka katatu. Alamu anga ali ku Joni akuti zonsezo nzachibwana ndingobwera kumeneko. Komanso mayi a kunyumba amakaoda zitenje ndi nsapato ku Dar, ulendo uliwonse amabwera akulira ndi a MRA pa Songwe. Kodi nzoona kuti kuno ndalama yathu sigula kanthu ndipo msonkho wathu ndi woposa maiko onse otizungulira? Ndipite?"

Achimwene, mtima pansi kaye. Palibe chauchitsiru pa funso lanu, ndipo kusokonezekako si vuto la mutu wanu, ndi kuti dziko lathu lili ndi mareti awiri ndiye sawerengero iliyonse imatuluka pawiri. Ine ndakhala pa ma payroll ndi mapepala a pa boda zaka zambiri kuno ku Limbe, ndipo anthu amene andifunsa funso ngati lanuli ndi ochuluka, manesi, ma driver a ma truck, amakanika, ngakhale anzanga a ma akaunti amene mungati amadziwa masamu. Onse amayambira pamalo pomwe mwayambira inupo, kutenga salale ya kunja nkuichulukitsa ndi reti, kenako kusowa tulo.

Tiyambe ndi dzina lomweli la kwacha chifukwa limapusitsa anthu. A ku Zambia anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo pa 1 January 2013, ndiye 12,000 ya lero bwenzi ikutchedwa 12 miliyoni. Ife sitinachotsepo ziro, m'malo mwake tinangosindikiza K2,000 kenako K5,000 mu 2022. Kukula kapena kuchepa kwa nambala pa pepala sikunena kanthu. A ku Tanzania amawerenga mashilingi m'masauzande ngati ife tomwe koma chuma chawo nchachikulu kutiposa kutali.

Nanga reti? Reti imakuuzani mtengo wa ndalama ina mukafuna kuigula ndi ndalama yanu, basi. Sikuuzani kuti ndalamayo ikakhala kwawo imadzaza jumbo mpaka pati. Ndipo yathuyi ndiye yovutirapo. Mu May 2022 kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, kenako inadzakhazikika cha m'ma K1,750 ku banki. Koma pitani ku banki komweko mukapemphe madola muone, mudzadikira mpaka mutatopa. Ndiye reti ya ku banki ndi mtengo wa chinthu chimene pa shelefu palibe, reti ya mumsewu ndi mtengo wa mantha ndi kusowa. Zonse ziwiri sizingakuuzeni ngati ana anu akadye bwino ku Lusaka.

Akatswiri a zachuma ali ndi njira ina imene amaitcha PPP, ndiye kuti kupima mphamvu ya ndalama pogula zinthu. Maganizo ake ndi apafupi. Mumatenga dengu limodzi la zinthu, ufa, mafuta ophikira, sopo, lendi, thiransipoti, kumeta, fizi, nkufunsa kuti dengu lomwelo limadya ndalama zingati ku Blantyre, ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Johannesburg. A World Bank ali ndi pulogalamu ya zimenezi yotchedwa International Comparison Program, mitengo anatolera mu 2011, 2017 ndi 2021, ndipo kuno ku Africa ntchitoyi imayendetsedwa kudzera ku African Development Bank pamodzi ndi maofesi a ziwerengero ngati NSO yathu ya ku Zomba ija. Mukamva pa wailesi kuti munthu wosauka ndi amene amapeza zosakwana madola 2.15 patsiku, si madola a ku bureau amenewo, ndi madola a PPP, ndipo mu 2025 mzerewo anaukweza kufika madola 3. Palinso ina yanthabwala ya magazini ya The Economist, amapima ndi mtengo wa Big Mac, koma kuno McDonald's kulibe ndiye ife tikanapima ndi chips cha pa chiwaya.

Chimene chimatuluka nthawi zonse pa kafukufuku wotereyu ndi chakuti m'maiko osauka zinthu zopangidwa ndi manja a anthu a pompo zimakhala zotchipa. Kumeta, kabaza, wosoka zovala pa khonde, wantchito wa pakhomo, mpiru ndi tomato pa msika wa Ndirande, chipinda cha lendi ku Bangwe. Ndi chifukwa chake munthu wa K600,000 kuno amatha kukhala ndi nyumba ya zipinda ziwiri ndi mtsikana wothandiza pakhomo, pamene wa ku Joni wolandira zowirikiza kangapo akuchapa yekha ndipo akugona anthu anayi m'chipinda chimodzi. Mbali imeneyi kwacha yathu ili ndi mphamvu kuposa mmene reti imaonetsera.

Koma tembenuzani mbali inayo. Chilichonse chodutsa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar chisanafike kuno chimabwera chitanyamula thiransipoti ya makilomita mazanamazana, msonkho wa pa boda, ndi dola yogulidwa modula. Foni, matayala, feteleza, mankhwala a ku pharmacy, sipeya za galimoto, malata, mafuta a galimoto. Apa ndiye mawu anu aja akuti ndalama yathu sigula kanthu ndi oona ndithu, ndipo timapweteka kuposa anzathu a ku Mozambique ndi Tanzania amene nyanja ili pakhomo pawo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti ndalama zanuzo zimathera mbali iti. Munthu amene zambiri zimapita ku ufa, ndiwo ndi lendi sangapindule kwambiri posamuka monga akuganizira. Amene akumanga nyumba, akufuna galimoto, kapena akulipira mankhwala a matenda a mgonagona a makolo, salale ya kunja imamuthandiza zenizeni.

Ine ndimauza anthu kuti agawe salale ya kunjayo pawiri m'mutu mwawo. Gawo limene mukadyere ku Lusaka lipimeni ndi mitengo ya ku Lusaka, reti isakhudzepo nkomwe. Gawo lokhalo limene litsale nkutumizidwa kuno ndi limene muchulukitse ndi reti, ndipo ikhale reti imene Mukuru kapena banki ikupatseni pa tsikulo, atachotsa cholowa chawo. Anthu ambiri amachulukitsa 12,000 yonse ngati kuti kumeneko azikagona pamtengo nkumadya mphepo.

Tiyeni tiidule 12,000 ija tione. Nditenga magawo a msonkho a chaka cha 2024 kuti maiko onse tiwapime pa chaka chimodzi, mukudziwa kale kuti bajeti iliyonse amawasuntha. Ku Zambia 5,100 yoyamba pamwezi ilibe msonkho, 2,000 yotsatira ndi 20 peresenti, 2,100 yotsatira ndi 30 peresenti, zopitirira 9,200 ndi 37 peresenti. Pa 12,000 ndiye kuti 400 kuphatikiza 630 kuphatikiza 1,036, yonse 2,066 kupita ku ZRA, bungwe lawo lotolera msonkho. Kenako NAPSA, penshoni yawo, 5 peresenti ndiye 600, ndi NHIMA ya chipatala 1 peresenti, cha m'ma 120. Chofika m'manja ndi pafupifupi 9,200. Kuno chaka chomwecho K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira 25 peresenti, kenako 30 peresenti mpaka K2,550,000, pamwamba pake 35. Pa K600,000 yanuyo PAYE, msonkho wa pa salale, ndi K87,500 kuphatikiza K30,000, yonse K117,500, penshoni 5 peresenti K30,000, kutsala K452,500. Taonani bwino, ku Zambia PAYE yadya pafupifupi 17 pa 100 iliyonse, kuno pafupifupi 20. Kusiyana kulipo koma si kwakukulu monga mukuganizira. Ndipo munthu wa salale yaikulu ku Zambia amafika pa 37 peresenti msanga kwambiri.

Pamene timalumidwa ife ndi poyambira. K150,000 ija pa reti ya ku banki inali madola osafika 90. Ya ku Tanzania, mashilingi 270,000 pamwezi, inali cha m'ma madola 100. Ya ku Zambia cha m'ma madola 190. Ku South Africa munthu wosafika zaka 65 mu 2024 sankayamba kudulidwa mpaka apitirire R95,750 pachaka, pafupifupi R8,000 pamwezi, madola opitirira 400. Ndiye mlonda kapena kalaliki wamng'ono kuno akupereka PAYE pamene mnzake wa ntchito yomweyo ku Joni sakupereka. Kuwonjezera apo mitengo kuno yakhala ikukwera cha m'ma 30 peresenti pachaka, abwana akakuwonjezerani kuti mupume pang'ono, chowonjezeracho chikukankhirani m'gawo la msonkho wokwera pamene thumba la chimanga lakwera kuposa pamenepo. Palibe amene walengeza kuti msonkho wakwera koma mwadulidwa zambiri. Ichi chimandinyansa kuposa china chilichonse pa nkhani ya PAYE, ndipo ndimanena poyera.

Tsopano 9,200 ija ikagwire ntchito ku Lusaka. Kumeneko m'tauni anthu sagula chimanga nkupita ku chigayo ngati ife, amagula ufa wa m'matumba a 25kg, breakfast kapena roller meal, ndipo zikavuta amagula timapaketi tating'ono timene amati pamela, ife timati walkman. Ngati kuno mumalandira matumba kuchokera kumudzi kapena muli ndi kamunda ku Chileka kapena ku Lunzu, dziwani kuti chimenecho ndi salale ina imene simaiona pa payslip, ndipo siwoloka nanu boda. Lendi ndiye mdani wamkulu. Funsani mtengo wa nyumba yofanana ndi yanu ya ku Chilomoniyo ku Chilenje, Kabwata kapena Matero, osati ku Kabulonga, ndipo mufunse munthu wokhala konko osati zithunzi za pa Facebook. Ma landilodi ambiri amafuna miyezi ingapo pamodzi. Magetsi musaganize kuti mwathawa mdima, mu 2024 madzi atachepa ku Kariba anzathuwo ankakhala maola ochuluka kwambiri patsiku opanda magetsi, makala anakwera ngati kuno komwe.

Pali chida china chaulere chimene anthu sachidziwa. A Centre for Social Concern kuno amatulutsa mtengo wa zofunika pa banja pamwezi m'mizinda yathu, ndipo ku Zambia a bungwe la ma Jesuit la JCTR amatulutsa chimodzimodzi cha Lusaka ndi matauni ena. Tengani ya mwezi umodzi mbali zonse, mugawe salale yofika m'manja ndi mtengo wa dengulo. Mukapeza kuti kuno salale yanu ikugula theka la dengu ndipo ya ku Lusaka ikugula pafupifupi dengu lathunthu, ndiye mwapeza yankho lopanda dola mkati. Madengu awiriwa safanana ndendende koma ndi bwino kutalitali kuyerekeza ndi kufunsa anyamata osintha ndalama.

Ine ndekha ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Zaka zapitazo ndinatumidwa ku Chipata masabata angapo pa ntchito, ndinalowa mu shopu ndi kakyuleta m'manja, botolo la mafuta ophikira ndikulitembenuza uku ndi uku nkumachulukitsa, ndinaona ngati zonse nzaulere ndiye ndinadzaza trolley, sopo, mafuta, ma biscuit a ana. Pofika sabata yachitatu alawansi inali itatha, chimene chinaidya si za m'shopu zija ayi, ndi malo ogona, nsima ya masana ndi ma taxi, zinthu zimene kuno sindinkaziwerengera nkomwe chifukwa ndimadya kunyumba ndipo minibasi ya Limbe ndimaidziwa mtengo. Ndinabwerera pa Mwami ndi makatoni awiri ndi ngongole.

Za ku Joni ndinene mwachidule. Alamu anu sakunama kuti randi ikatumizidwa kuno imatupa. Malipiro otsikitsitsa ololedwa kumeneko anali R27.58 pa ola mu 2024, kuno chaka chomwecho anali K90,000 pamwezi, ndiye mutha kuona nokha phompho lake. Zakudya za m'shopu ndi zovala nzotchipa poyerekeza ndi malipiro. Koma zonsezi ndi za munthu wa mapepala. Inu ku Lusaka muli ndi kalata ya ntchito, ku Joni muli ndi mawu a alamu. Wopanda permit amalandira zimene bwana wafuna, sangakadandaule kulikonse, UIF, ndalama yothandiza amene ntchito yawathera, samayiona, ndipo tsiku lina amapezeka ali ku Lindela, kosungirako alendo opanda mapepala, kudikira basi yobwerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene.

Tibwere ku funso lakuti kodi msonkho wathu ndi woposa onse. Pa VAT yankho ndi ayi. Yathu inakhala pa 16.5 peresenti zaka zambiri, ya pano muione pa lisiti ya mu shopu iliyonse yaikulu. Tanzania ndi 18, Zambia 16, Mozambique anatsitsa kuchoka pa 17 kufika 16 mu January 2023, South Africa 15 kuyambira 2018 ndipo boma litafuna kukweza mu 2025 kunabuka mkangano mpaka anabweza, Botswana 14. Tonse tili m'khola limodzi, kusiyana ndi peresenti ziwiri zitatu. Chofunika kwambiri ndi chakuti VAT ili pa chiyani. Ku South Africa ufa, buledi wa brown, mpunga, mazira, mkaka, nyemba ndi masamba zilibe VAT. Kuno chimanga ndi zakudya zosakonzedwa ku fakitale zilibenso, ndipo mu 2022 anaichotsa pa mafuta ophikira ndi madzi a pa mpopi, koma mukukumbukira kuti mafutawo sanatsike mmene tinkayembekezera, chifukwa chokweza mtengo chinali dola yogulira zipangizo kunja. Nthawi zambiri timatukwana msonkho pamene wolakwa ndi forex. Palinso timisonkho tobisala, 10 peresenti pa mayunitsi a foni ndi intaneti, ma levy a misewu ndi magetsi a kumudzi amene ali mu lita iliyonse ya petulo. Anzathunso ali nato. Ku Tanzania mu 2021 anaika kamsonkho kotchedwa tozo pa ndalama zotumiza pa foni anthu analira mpaka anatsitsa, ku Zimbabwe mu 2018 anayamba kudula 2 peresenti potumiza ndalama pa foni kapena ku banki.

Chodabwitsa nchakuti dziko lathu limatolera msonkho wochepa poyerekeza ndi kukula kwa chuma chake, sitifika ngakhale 15 peresenti, Tanzania chimodzimodzi, pamene South Africa amatolera pafupifupi kotala. Nanga bwanji inu mukumva kulemera? Chifukwa onyamula ndi ochepa. Anthu ambiri ali ku ulimi ndi ma geni osalembetsa, ndiye mtolo umagwera amene ali pa payroll, makampani ochepa akuluakulu, ndi aliyense wodutsa pa boda ndi chikwama. Inu ndi mayi a kunyumba mwakhala pa malo awiri enieni amene MRA imafika mosavuta.

Pa kayendetsedwe kake mabungwe otolera msonkho m'maikowa ndi apachibale. ZRA inayamba 1994, TRA ya ku Tanzania 1996, SARS ya ku South Africa 1997, MRA yathu inayamba ntchito mu 2000. Onse amafuna nambala, kuno ndi ku Zambia TPIN, ku Tanzania TIN, ku Mozambique NUIT. Makina a malisiti a EFD anayamba ku Tanzania mu 2010 ife tinatsatira mu 2014, Zambia anabweretsa Smart Invoice mu 2024, ifenso tikupita komweko ndi malisiti a pa intaneti. Patsogolo pa onse pali SARS, sindibisa, eFiling yawo imakoka yokha ziwerengero kuchokera kwa abwana ndi ku banki, munthu amangolandira uthenga kuti tawerengera kale, ndipo ngati anadulidwa zambiri ndalama imabwerera m'masiku ochepa. Koma ukawabisira amakupeza msanga chifukwa chomwecho. Kuno Msonkho Online yachepetsa mizere ya ku Msonkho House, ine ndinaimapo m'mizere imeneyo ndi mafayilo kukhwapa tsiku lomaliza, ndiye ndikudziwa kusiyana kwake. Ndipo musaganize kuti a ku Dar akusangalala ndi TRA. Amalonda a ku Kariakoo komwe mayi amakaodako anatseka mashopu mu May 2023 ndipo anatsekanso mu June 2024, nkhani yake yomweyi ya misonkho ndi kulandidwa katundu. Ku Mozambique mapepala ake ndi a Chipwitikizi, amene anadutsapo pa Zobue ndi katundu akudziwa.

Tsopano za mayi a kunyumba, apa ndikhalitsapo chifukwa mwina ndi pamene ndalama za banja lanu zikutayikira kuposa pa salale. Msonkho wa pa boda umakwerana pamsana. Amayamba ndi mtengo wa katundu kuphatikiza thiransipoti yomufikitsa pa boda, pamenepo amaika duty, katundu wambiri wopangidwa kale amakhala cha pa 25 peresenti, wina amakhalanso ndi msonkho wina wotchedwa excise, ndiye VAT imabwera pamwamba pa zonsezo pamodzi. Tiyerekeze katundu wa K1,000,000 wopanda excise. Duty K250,000, VAT titenge ya mu 2024 ya 16.5, pa K1,250,000 ndi K206,250, yonse K456,250. Munthu amene ananyamuka pa Wenela akuganiza kuti akalipira 25 peresenti amapezeka akufunsidwa pafupifupi 46, ndiye kulira kuja. Si kuti ofisala wamuda, ndi mmene masamu ake amayendera, ndipo ku Nakonde kapena ku Beitbridge kakweredwe kake nkomweko.

Ambiri amati nanga si tonse tili mu SADC, bwanji tikulipira? Kuchotseredwa duty ndi kwa katundu wopangidwa m'dziko la membala, wokhala ndi satifiketi yosonyeza komwe anapangidwira. Nsapato zambiri za ku Kariakoo nzochokera ku China, kungodutsira ku Dar sikuzisandutsa za ku Tanzania. Zitenje zina zimapangidwadi ku Tanzania, ndiye pamenepo pali pofunsa, mayi afunse wogulitsayo za satifiketi asanalipire. Ngakhale duty itachoka VAT imatsalabe. Njira yofewa yodutsira pa boda ya amalonda ang'onoang'ono, ya bungwe la malonda la COMESA, imagwira pakati pa ife ndi Zambia komanso Zimbabwe, koma Tanzania anatuluka mu COMESA mu 2000 ndipo Mozambique nayonso si membala. Apa pali kanthu kosangalatsa, mukakhala ku Lusaka mayi atha kuyang'ana katundu wopangidwa ku Zambia amene ali pa mndandanda wa njirayi nkumadutsira pa Mchinji, pomwe kuyambira December 2022 maofesi a maiko awiriwa ali pamodzi, munthu amaima kamodzi.

Mayi wina anabwera ku ofesi kwanga atanyamula malisiti mu jumbo ya shuga, anawakhuthulira pa tebulo, ena olembedwa pamanja m'Chiswahili inki itafufutika ndi thukuta, ena mitengo yochita kuonekeratu kuti anapempha wa shopu kuti alembe theka. Katundu anali atagwidwa. Ndinawafunsa kuti mpamba wonse unali zingati, anayamba kuwerenga pa zala, za basi payokha, za wonyamula payokha, za wosintha ndalama pa Kasumulu sanazilembe paliponse. Titawerengera bwinobwino tinapeza kuti chimene chinkadya phindu lawo kwambiri ndi kusintha ndalama, msonkho unali wachiwiri. A kasitomu amatembenuza invoyisi pa reti ya boma, pamene iwo mashilingi anawagula pa mtengo wina. Ndipo lisiti yabodza ija ndi imene inawaika m'madzi, chifukwa ofisala amaona nsapato zomwezo tsiku lililonse, akakayika amaika mtengo wake, kenako chindapusa. Uzani mayi asunge kabuku, tsiku, reti imene asinthira, mtengo weniweni, za pa boda, ndipo lisiti ya MRA azichoka nayo m'manja nthawi zonse. Wina akati perekani pang'ono tidutse popanda pepala, pa roadblock ya kutsogolo adzalipiranso kawiri. Nkhani ya kusintha ndalama mumsewu dziwaninso kuti ndi mlandu, anthu amalandidwa ndalama pa boda.

Ndiye mupite? Ine ndikuona kuti mwayi wa ku Lusakawo ndi woyenera kuutsatira, koma ndi mafunso m'manja. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, komabe kalata ya ntchitoyo inene momveka ngati 12,000 ndi asanadule kapena atadula, ngati pali ya nyumba, ndani alipire employment permit ndipo ituluka musananyamuke kapena ayi, chipatala cha banja, ndi thiransipoti yobwerera ntchito ikatha. Musasiye ntchito ku Makata permit isanatuluke, ndaona anthu akulowa ngati alendo nkumagwira ntchito mobisala miyezi, mapeto ake kampani imangowakana. Ngati banja litsale kuno, muwerengere nyumba ziwiri, mapoto awiri, ndi basi ya Lusaka kudzera ku Lilongwe ndi Chipata kangapo pachaka. Pa masamu anga, akakupatsani nyumba kapena ndalama ya nyumba pamwamba pa 12,000 ndiye mwapita patsogolo ndithu. Popanda nyumba, banja lili kuno, phindu lake likhala lopyapyala moti mungamakhale mukudzifunsa chimene munasiyira ana.

Pofunika munthu wina woti akuthandizeni maso ndi maso ndi apa. Penshoni yanu ya kuno, pitani kwa amene amaisunga mukafunse chimene chichitike mukasiya ntchito, ndipo ku Lusaka mufunse mmene mlendo amatengera za NAPSA akamabwerera kwawo, mufunse musanasaine. Salale yogwirira ntchito ku Zambia msonkho wake umadulidwa konko, koma mukasiya nyumba ya lendi kapena bizinesi kuno imeneyo ikhalabe ya MRA, ndiye kaonaneni ndi akauntanti wolembetsedwa ku ICAM, bungwe la ma akauntanti kuno, kapena mupite nokha ku Msonkho House, kufunsa salipiritsa. Mayi ngati katundu wawo wayamba kufika mamiliyoni angapo pa ulendo, nthawi yakwana yokhala ndi TPIN yawoyawo ndi clearing agent wa laisensi, osati anyamata oimirira pa geti aja. Katundu akagwidwa asasaine pepala limene sanalimvetse, apemphe chikalata chosonyeza chimene chagwidwa ndi chifukwa chake, njira yodandaula ilipo ndipo imayenda ndi mapepala.

Mukapeza mtengo wa lendi wa madera atatu ndatchula aja, thumba la ufa la 25kg, ndi basi yochoka kumeneko kupita kuntchito, nditumizireni pamodzi ndi payslip yanu ya mwezi watha mutabisa dzina, tiwerengere limodzi. Muwafunsenso alamu anuwo kuti chipinda akugonamo ali angati.